Amayi anagenda mkamwini wawo ndi sinowo

Agogo,

Ndiyambe ndi nthungululu, dandaulo libwera pambuyo. Ine ndine namwino kuno ku Doha, amuna anga a Sharifu ndi dalaivala pa hotela ina. Kwathu ndi ku Ntaja. Amayi anga anandiphunzitsa ndi zitumbuwa, anthu akuwaseka kuti sukulu ya mwana wamkazi n'kutaya nthawi. Chaka chino ndinati iyayi, mayi amenewa aoneko dziko. Tinawaitana kuno, tinalimbana ndi mavisa mpaka anatuluka, ndipo dzuwa la ku Bin Mahmoud, dera lomwe timakhala kuno, litafika poti munthu sungaponde panja, tinakwera ndege atatu ulendo wa ku Ulaya.

Ku Jeremani tinabwereka motahomu, chigalimoto chokhala ndi mabedi, kitchini ndi chimbudzi momwemo. Nkhani inagona pamenepo. Agogo, chipongozi cha kwathu mukuchidziwa. Chikwatiraneni ine ndi a Sharifu, iwo ndi amayi anali asanayang'anizanepo m'maso. Kumudzi akakumana panjira, wina ankalowa m'chinangwa. Ngakhale kuno, amayi atangofika bambowa anayamba kudyera kuntchito. Tsono chigalimoto chija ndi chipinda chimodzi basi!

A Sharifu anagula tenti n'kumagona panja, kuzizira konse kuja. Chimbudzi cha m'galimoto sanachiyandikire n'komwe. Podya ankatembenukira ku chiwongolero. Ine ndinasanduka lamya: "Uwauze amayi amange lamba." "Uwauze amuna akowo kuti ndamanga." Anthu atalikirana mkono umodzi wokha!

Zinasinthira m'mapiri a ku Switzerland. Msewu wake ndi wokhotakhota, ndiye amayi kumbuyo kuja nseru inawavuta. Panalibe kuchitira mwina, ndinawakhazika kutsogolo pambali pa dalaivala, iwo atadziphimba mpango kumaso. Kumanja kunali chiphompho, a Sharifu thukuta kamukamu. Ndinangomva amayi akuti, "Yendetsani mwanangu, musaope. Allah ali nafe." Bambo aja anayankha okha, osadzera kwa ine: "Inshallah amayi, tifika."

Tinafikadi! Pamwamba tinapeza sinowo, mbuu ngati ufa woyanika. Amayi anamuponda, n'kunena kuti phiri lathu la Chikala ndi chulu chabe. Kenako anaumba chibulumwa n'kugenda nacho mkamwini wawo pamsana, phwaa! A Sharifu anaseka mpaka kukhala pansi. Tenti yawo sanaisiye, koma mpando wakutsogolo unakhala wa amayi mpaka ku Italy, akumusendera malalanje dalaivala wawo. Wallahi, chimwalirireni bambo anga sindinawaonepo amayi akuseka chonchija. Ndinalira ndi chimwemwe.

Tsono mverani. Ndinajambula kanema wa kugendana kuja n'kuponya pa gulu la WhatsApp la kubanja. Amalume anga Che Ismail, omwenso ndi ankhoswe athu, anaimba foni atapsa mtima. Anati, "Munapita kwa azungu kukataya ulemu? Mlongo wanga kusewera ndi mkamwini ngati asuweni? Ngati ndi choncho, unkhoswe wanu ndautula."

A Sharifu manyazi awagwira. Abwerera kudyera kuntchito, ndipo akuti, "Fufuta kanemayo, khalasi, zithe." Amayi akwera ndege yobwerera kumudzi sabata yamawa, koma akungoswera pawindo. Ndikuopa kuti chimene chinabadwa paphiri paja chifera m'nyumba mwanga momwemuno. Ndinalakwa kodi? Nditani?

H.M.,
Doha

Mdzukulu wanga H.M.,

Nthungululu yakoyo ndaivomera kuno mpaka anzanga muofesi adzidzimuka. Mwana wa mayi wa zitumbuwa kukawapondetsa mayi ake sinowo! Amene ankaseka aja alowe m'chinangwa ndi iwowo. Ulendo sunalakwike. Chinaterereka ndi chala chako.

Galu wamkota sakandira pachabe. Che Ismail sakulira sinowo ayi. Chikuwawawa n'choti nkhani ya mlongo wawo aionera pagulu, limodzi ndi tiana totumiza nkhope zoseka, iwo ankhoswe osauzidwa kanthu. Munthu wamkulu ukamudumpha amakuwa kuti udziwe kuti akadalipo.

Lero lomwe chotsa kanemayo pagulupo, koma m'foni mwako musunge. Usamufufute. Tsiku lina adzukulu adzafuna kuona agogo awo akuseka.

Amalume usawaimbire ndiwe. Awaimbire ndi amayi ako, alankhulane awiriwiri monga ana a mimba imodzi. Awauze za nseru, za chiphompho, makamaka za tenti ija. Mwamuna wogona panja pozizira, bedi lili tayale m'galimoto, kuti apongozi ake apume momasuka, ameneyo wataya ulemu uti? Ambiri olowa m'chinangwa sangapirire zimenezo.

Kenako uwakumbutse onse kuti chipongozi chili ndi khomo lotulukira. Kumene ndinakulira ine, apongozi akaona kuti mkamwini wawo ndi munthu, ankamuphikira nkhuku, iye n'kupereka kansalu, ankhoswe akuona. Kuyambira tsikulo awiriwo ankalankhulana popanda wodabwa. Amayi ako awafunse Che Ismail mmene zimachitikira kumtundu kwanu, ndipo muwapemphe atsogolere ndi iwowo. Nkhuku ku Doha sizisowa, ndipo foni imaonetsa nkhope. Ukawabwezera mpando wawo, uona ngati unkhoswe autuledi.

A Sharifu uwauze mawu angawa: kudyera kuntchito sikukulanga amalume, kukulanga mayi amene anawatcha mwanangu pa chiphompho paja. Mawu otere apongozi sawataya pawiri.

Koma chenjera. Mukadzapita ku Ntaja pa holide, pasadzakhale zogendana pabwalo kapena kumenyana m'manja pamaso pa anthu. Mudzi uli ndi mayendedwe ake, ndipo amayi ako ndi amene amagona kumeneko inu mukabwerera ku Doha. Usadikirenso kuti amalume asangalale kaye, poti ndege siidikira munthu. Avomere kaya akane, tsiku laulendolo a Sharifu apemphe ofu kuntchito, operekeza apongozi awo ku eyapoti akhale iwowo. Iwe ukhale kumbuyo ndi zikwama, utseke pakamwa, ntchito ya lamya inatha. Mpando wakutsogolowo uli ndi mwini wake.

Agogo