Chiwongolero Chonjenjemera ndi Mwala wa Chiliza Chanu

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumeneko?

Kuno tilipo. Mtedza wachita bwino chaka chino, koma soya anangotinamiza ndi masamba. Mlongo wanga Esinati anachira bwinobwino, ndi mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Akalira amakwinya pamphumi ngati mmene munkachitira inu mukamva kuti mchere wakwera mtengo.

Nkhani yeniyeni nayi. Chiliza chanu tamanga, ndipo Loweruka likudzali tichivundukula. Mwala wolembapo dzina lanu anausemera m'tauni, ndiye abale anandipatsa ine ntchito yokautenga kuti ufike kumudzi wosasweka. Anasankha ine chifukwa ndili ndi galimoto. Inde Amayi, galimoto ija ndinkalonjeza kuti mudzakwera kutsogolo ndinagula, koma inu munali mutapita kale. Ndi yakale, yoyenda m'tchire. A Layitoni, makaniki wa pa Nsaru, anaikweza m'mwamba, kuwonjezera masipuling'i n'kuikamo matayala aakulu kuti izidutsa dambo lathu la ku Kabudula nthawi ya dzinja. Munthu pokwera amayamba wakokera mpweya kaye.

Pafumbi imayenda mwaulemu. Koma inkati ikangoponda phula la msewu wa ku Mchinji ine n'kuwonjezera moto, chiwongolero chinkayamba kunjenjemera ngati munthu wa malungo. Manja, masaya, mpaka mano kuchita kuwombana. Tsiku lina ndinanyamula alongo anu, amalume a Gelesomu. Anayamba nyimbo ya kutchalitchi, mawu akutuluka modukaduka, ndipo titafika pa Njewa anati nditsitse, ndili ndi zochita. Amayi, amalume alibe zochita zilizonse pa Njewa.

Ndinada nkhawa ndithu. Galimoto yovina chonchi inganyamule mwala wanu osauswa? Ndinabwerera kwa a Layitoni. Anaika jeke, kugwira tayala ndi manja awiri n'kuligwedeza uku ndi uku, khutu lili tcheru. Anati ndi mabushi, timphira ta m'zitsulo zogwira matayala. Tinasintha mabushi, chiwongolero osaleka. Anati ndiye ndi zitsulo zolumikiza chiwongolero ndi matayala. Tinasintha, koma ayi ndithu. Anamanga manati onse mpaka thukuta kamukamu, kenaka n'kuima patali, kuyang'ana galimotoyo n'kunena kuti, "Bwana, galimoto yokweza imakhala ndi khalidwe lake." Khalidwe! Ngati mpongozi.

Nkhani inawanda m'banja. Amalume anabwera kunyumba, anakhala pansi n'kuyamba motsitsa mawu. "Ine ndine mkulu wa mpingo, za mizimu sindikhulupirira. Koma mlongo wanga ndimamudziwa. Liwiro ankadana nalo." Ndinafuna kuseka, koma ndinakumbukira mmene munkachitira m'minibasi ya ku Nsaru. Ikangothamanga pang'ono munkagogoda mpando wa kutsogolo n'kufunsa kuti, "A dalaivala, kodi tikuthawa nkhondo?" Ine manyazi, kuyang'ana pawindo ngati sindikukudziwani.

A Layitoni anayesa nzeru yomaliza. Anachotsa matayala akutsogolo n'kuwaika kumbuyo, akumbuyo kutsogolo. Titapita kuphula, chiwongolero chinangoti zii. Ndinayamba kuimba mluzu. Posakhalitsa ndinamva kumbuyo kukugunda, bodi yonse ikudumpha, pamalo penipeni pamene mwala wanu unayenera kugona. Amalume atamva anangopukusa mutu. "Mwaona? Wasamukira pamalo pake." Kuyambira pamenepo palibe wachibale amene ankafuna kukwera nane, ngakhale aja okonda za ulele.

Amene anatipulumutsa ndi mpongozi wanu NaPhiri, mkazi wanga, ndipo sikuti ankafuna kukonza galimoto ayi. Anangoti mwala wa apongozi ake sungakwere chinthu chauve. Ine ndinati ndatsuka kale, onani mmene ikuwalira. Iye anatenga ndowa n'kugwada kumbuyo, kusuzumira kunsi. Kenaka ndinamva akuitana. "Bambo a Chifundo, kodi m'matayalamu mukumangamo chulu?"

Ndinagwada nanenso. Mkati mwa chitsulo cha tayala, mbali imene siionekera kunja, munali matope a m'dambo lathu lija, ouma gwaa ngati njerwa, atamatirira mbali imodzi yokha. Matayala aakuluwa ali ndi mimba, amasunga matope. Ndiye tayala likalemera mbali imodzi, pothamanga limadumpha, n'kugwedeza chilichonse chimene lalumikizana nacho. Tinakokota ndi chikwanje chakutha mpaka beseni kudzaza. Pamenepo ine ndinakumvani bwinobwino, Amayi, monga munkanenera ndikatsuka mbale mothamangira mpira: "Mphika suyera pakamwa pokha, uzitsuka ndi kunsi komwe."

Titapita kukayesa, phee kutsogolo, phee kumbuyo. Amalume nditawafotokozera anafunsa kuti matopewo anali a kuti. Ndinati a kumudzi. "Ndiye ndinalakwa pati?" anatero, n'kupitiriza kumwa tiyi wawo.

Dzulo ndiye tinakautenga mwala. Galimoto inali bwinobwino, koma nditaona dzina lanu litalembedwa pamwalapo, mtima unakana kuuika kumbuyo ngati thumba la feteleza. Ndinaukulunga m'bulangete lanu lofiira lija, kuukhazika pampando wakutsogolo n'kuumanga lamba. NaPhiri anakwera kumbuyo osadandaula. Ndinayendetsa pang'onopang'ono kuchokera m'tauni mpaka kumudzi. Njinga zamoto zinkatipitirira, wina wa kabaza anatipitirira atanyamula mbuzi, n'kutembenuka kufunsa ngati mafuta atha. Ine osawonjezera moto. Pa Nsaru ndinapezeka ndikukuuzani kuti onani sitolo yatsopano iyo, onani pamene panali chigayo paja. Misozi inabwera yokha, ndipo sindinaibise. Ndinakusowani kwambiri pamsewu umene uja.

Mwala wafika wosasweka, ngakhale pakona pomwe. Ndiye musadzanene kumeneko kuti mwana wanga anandinamiza. Munakwera galimoto yanga, Amayi, kutsogolo, ndipo ulendo wonse simunafunse ngati tikuthawa nkhondo.

Loweruka tibwera tonse, ndi kamnzanu ka dzina kaja. Ndikulonjeza kuti chiliza chanu ndizichisesa ndekha, ndi kuseri komwe kumene anthu saona.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Fanuwelo