Pulopela ya Nambala Fifitini

Kaphuka, Dedza
12 Seputembala 2024

Okondedwa achimwene a Anselmo,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno kachewere wa kudimba wachita bwino, amayi mwendo uja wasiya kuwavuta, ndipo nkhumba ya mlamu wanu Agnesi yaswa ana asanu ndi awiri. Ndayamba ndi zabwinozi dala, kuti pofika m'munsimu mtima wanu ukhale utafewa.

Munandituma ku Lilongwe kukagula pulopela, chitsulo chozungulira chokankha madzi, ya boti lanu, yakale ija itathyoka pamwala. Munati ndisanagule ndiimbire a Macdonald, oyendetsa botilo kunyanja. Sindinawaimbire. Achimwene, munthu uja chiyambire amanditcha "a kumapiri", ndipo amauza anthu kuti ine madzi ndimawadziwira m'kapu. Ndiye ine, bambo wa ana anayi, ndikamufunse kagulidwe ka chitsulo? Botili ndi thukuta lanu la zaka zisanu ndi zinayi, ndipo munati likayamba kuyenda bwino mubwerera kumudzi. Ndinafuna kuti ulemu wake ugwere banja lathu.

M'sitolomo wogulitsa ananditulutsira mapulopela atatu ofanana ngati ana a mimba imodzi, kusiyana manambala okha: 11, 13 ndi 15.

"Botilo limanyamula chiyani, bambo?" anandifunsa.

"Limanyamula zambiri. Ndipatseni ya nambala yaikuluyo."

"Ngati ndi zambiri, tengani ya 11."

Ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Mumtima ndinati, awa ndi aja a m'tauni, akaona nsapato zamatope amafuna akupatse chachabechabe. Kwathu kuno khasu lalikulu ndilo limalima, kachewere wamkulu ndiye amagulidwa. Ndinanyamula ya 15.

Zikanathera pomwepo bwenzi zili bwino, koma pakamwa panga mukupadziwa. Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ndinauza anthu kuti boti la achimwene tsopano lizichita kuuluka. Mwatsoka, kwaya ya azimayi inali ndi ulendo wokaimba ku tchalitchi china cha m'mbali mwa nyanja, ndipo onse khumi ndi anayi anati ndikawakweze. Tinatsika Loweruka m'mawa, titatenganso matumba atatu a kachewere a mphatso.

A Macdonald ataona nambalayo anandiyang'ana. "Mwasankha ndinu, a kumapiri? Iyitu ilemera."

"Mangani," ndinatero ine. "Anatumidwa ndine."

Anamanga. Tinakwera, amayi a kwaya n'kuyambitsa nyimbo mwamphamvu. Injini inabuula ngati ng'ombe yokoka ngolo m'matope, boti linadzutsa mphuno, koma kuyenda kwake kunali kwa maliro. Nyimbo yoyamba inatha tikumvabe zimene ochapa zovala kumtunda ankakambirana. Yachiwiri ili pakati, mkulu wina wopalasa bwato anatipeza, anapereka moni kwa aliyense payekhapayekha, anafunsa za kumudzi, kenako anatipitirira.

"Bambo a Sandra," anatero Agnesi anthu onse akumva, "kodi kuuluka kuja tiyamba nthawi yanji?"

Ndisanayankhe injini inayamba kutsokomola utsi wakuda, ndipo a Macdonald anaizimitsa. Amayi a kwaya anasiya nyimbo ya chimwemwe n'kuyamba yopempha Amayi Maria. Tinabwerera ndi nkhafi, ine ndikuigwira ngati khasu, madzi onse ndikuwathira a tcheya a kwaya.

Achimwene, apa kuseka kunandithera. Nditakhala pamchenga ndikuyang'ana injini ili zii, ndinaganiza za inu mukudzuka m'chisanu cha ku Joni zaka zonsezi, ndipo ndinachita mantha kuti ndakupherani ulendo wobwerera kwanu. Misozi inalengeza, sindikubisirani.

A Macdonald anadzakhala pambali panga, ndipo ulendo uno sanaseke.

"Mukamapita ndi kachewere ku msika, panjinga mumamanga matumba angati?"

"Awiri."

"Pachitunda mumaika giya iti?"

"Yopepuka."

"Bwanji osaika yolimba, poti ndiyo yothamanga?"

"Mukufuna mawondo anga athyoke?"

Apo ndinadzimvera ndekha zimene ndayankha. Kenako a Macdonald anandifotokozera kuti nambala ija amati pichi, ndiyo mtunda umene pulopela imakankha ikazungulira kamodzi. Ya 15 ndi giya yolimba, ya boti lopepuka lopanda katundu. Boti lodzaza limafuna yaing'ono kuti injini izizungulira momasuka. Koma ikachepetsanso, injini imangolira pachabe ngati munthu wopalasa giya yopepuka potsetsereka. Tangoganizani, nzeru imeneyi ndakhala nayo m'miyendo chikhalire, ine n'kukaisiya pakhomo la sitolo.

A Macdonald anatsuka mapulagi a injini, ndipo makaniko ataiona injiniyo anati ili bwino, koma tikanaikakamiza masiku angapo bwenzi tikunena zina. Lolemba ndinabwerera ku Lilongwe, a Macdonald ali pafoni njira yonse. Wogulitsa uja anandisinthira, ngakhale anayamba waitana anzake a sitolo yoyandikana nayo kuti adzandione. Ya 11 yamangidwa, ndipo boti likuyenda lodzaza, injini osadandaula.

Landirani moni kwa Agnesi ndi ana. Amayi a kwaya akuti ndikupatseni moni, ndipo mudziwiretu kuti mukadzafunsa za Gerevazio kuno palibe adzakulozereni. Mudzafunse a Fifitini. A Macdonald akuti Khirisimasi ino adzabwera kudzaphunzira kukwera chitunda ndi matumba awiri, ndipo ndalumbira kuti sindidzaseka kwambiri.

Amayi athu sindinawauze zonsezi. Iwo akungodziwa kuti boti likuyenda, ndipo dzulo anandituma kuti ndifolere nyumba yanu mvula isanagwe. Udzu ndamweta kale. Ngati mwakwiya, achimwene, mudzandikalipire pamaso, ndidzakhala pansi n'kumvetsera mpaka mutope. Koma chonde musawonjezere chaka china kumeneko chifukwa cha uchitsiru wanga. Takusowani.

Ndine mng'ono wanu,
Gerevazio