Khomo Lokana Pepala la Zhelyazko

Plovdiv, 24 Malichi 2019

Bate Lyuben, achimwene anga okondedwa,

Landirani moni wanga. Mukudzuka bwanji kumeneko ku Spain? Bondo lija lasiya kutupa? Nanga alamu anga a Penka, shuga wawo watsika? Ife kuno tilipo. Mdzukulu wanga Yoana anadwala chifuwa sabata yatha, koma wachira.

Kalatayi ndapatsira dalaivala wa basi ya Lachiwiri pamodzi ndi tchizi wanu. Sindinafune kuimba foni chifukwa makoma a nyumba ino ndi opyapyala. Mkamwini wanga Kaloyan akuimbirani Lamlungu pa 31, ndipo ndikufuna mumve kaye za ine.

Mukudziwa kuti tinasamuka ku Harmanli pa 7 Januwale chifukwa Kaloyan anapeza ntchito kuno. Mwana wanga Rositsa anati ndisatsale ndekha ndi makoma bambo ake atamwalira, ndiye ndinabwera nawo. Panopa tikuchita lendi, koma akufuna kugula. Banki ikufuna ndalama zoyambira, ndipo zimenezo zichokera kunyumba ya makolo athu kumudzi. Wogula alipo, akupereka ndalama zokwana maleva 46,000. Theka ndi langa, theka ndi lanu, ndipo pamaliro a bambo ake paja munalonjeza kuti lanulo mupatsa Rositsa. Chatsala ndi chakuti musaine.

Tsopano ndikuuzeni za malo amene Kaloyan wasankha.

Munthuyu sasankha malo ndi maso. Ali ndi foni imene imapereka malikisi kwa dera lililonse la mzinda: sukulu, mpweya, phokoso, poimika galimoto. Amawerenga malikisiwo pa chakudya ngati wansembe akuwerenga Uthenga. Malo amene anapambana ndi ano tikuchita lendi, midadada inayi yatsopano ya m'mpanda kunja kwa mzinda. Dzina lake ndi la Chingerezi ndipo ngakhale mlonda wa pageti satha kulitchula. Fulati yake ndi mayuro 118,000. Pachikwangwani analemba kuti ndi malo a mabanja.

Bate, mabanjawo ine sindinawaone. Ndimaona magalimoto. Amatuluka m'mawa pansi pa nyumba, amalowanso pansi madzulo ngati mfuko. Pali malo osewerera ana opakidwa utoto wowala, pansi pake pofewa ngati mkate, koma Yoana amaseweramo yekha ine nditaimirira, chifukwa benchi palibe. Ndinafunsa mtsikana woyang'anira malowa, dzina lake Desislava. Anati mabenchi amaitana anthu okhala pansi n'kumayankhula.

Kuyanika zovala pakhonde n'koletsedwa. Kuotcha tsabola wokasunga m'mabotolo nyengo ya Seputembala n'koletsedwa. Zonsezi ndinameza. Ndinati ndine wokalamba, nyumba ndi ya ana.

Kenako linafika Loweruka la pa 16 Malichi, miyezi isanu ndi umodzi chimwalirireni mwamuna wanga Zhelyazko. Kumanda tinali titapitako pa 9, popeza Kaloyan anati pa 16 ali ndi zochita. Koma tsikulo ndi tsikulo. Ndinasindikizitsa mapepala achikumbutso, ndi chithunzi chija anavala jekete la pa ukwati wa Rositsa. Ndinawiritsa tirigu wogawira anthu pokumbukira wakufa, ndinathiramo shuga ndi mtedza monga ankachitira amayi. M'mawa ndinatsika n'kumata pepala limodzi pa khomo lalikulu la mdadada wathu, pamene aliyense wolowa angaliwerenge, monga timachitira kulikonse m'dziko muno.

Pokhapo m'pamene ndinazindikira kuti galasi la khomolo linali loyera mbee. Panalibe dzina la wakufa ngakhale mmodzi. Miyezi iwiri ndikudutsapo, ndinkangoona kuti pali china chosowa osadziwa kuti n'chiyani.

Dzuwa lisanafike pamutu, Desislava anagogoda. Anali atagwira Zhelyazko ndi zala ziwiri, atamupinda panayi, ngati thewera lonyowa. Anamwetulira mpaka mano onse kuonekera. Anati iye akumvetsa ndipo wapepesa kwambiri, koma malamulo a pano salola. Anati wina wajambula kale pepalalo n'kulitumiza pa gulu la pafoni la anthu okhala pano, ndipo makolo adandaula kuti ana achita mantha. Anawonjezera chapansipansi kuti zinthu zotere zimagwetsa mtengo wa nyumba.

Ndinamufunsa kuti nanga akufa a pano amawamata kuti. Anayang'ana Kaloyan ngati ndayankhula chilankhulo cha kutali. Kaloyan anaseka, akutafuna.

"Agogo, pano anthu samwalira. Talipira zambiri."

Rositsa sanaseke. Anatenga pepalalo, analiwongola ndi dzanja, n'kulimata pa firiji ndi kamaginito. Madzulo ndinalipeza litasunthidwira kumbali kwa firiji, koyang'ana khoma. Kaloyan anati limamudula chilakolako cha chakudya. Ine chilakolako chakecho sindinaonepo chitadukapo.

Koma masana aja ndinali ndidakali ndi tirigu. Ndinatenga mbale ndi timakapu n'kuyamba khomo ndi khomo. Pakhomo loyamba sanatsegule, ngakhale ndinamva munthu akupuma kuseri kwa chitseko. Pachiwiri bambo wina anati sagula kanthu. Pachitatu mayi wachitsikana anandifunsa ngati muli mtedza, ndi ngati ndinavala magolovesi pophika. Nditanena kuti n'za mwamuna wanga womwalira, anati "zabwino zonse" n'kutseka. Zabwino zonse, Bate. Anthu a madigiri awiriawiri, koma palibe amene mayi ake anamuphunzitsa kunena kuti "Mulungu amukhululukire."

Ndinaima pakhonde la masitepe mbale ili tho. Tirigu wa wakufa satayidwa, ndiponso sabwerera m'nyumba wosadyedwa.

Apa ndinakumbukira fulati ina imene tinakaona mu Febuluwale ku Kyuchuk Parizh, dera lakale la mzinda uno, ya mayuro 79,000, zipinda zake n'chimodzimodzi. Kaloyan anakhalamo mphindi zochepa. Anati foni yake yapereka malikisi otsika, anati pali nkhalamba zambiri ndi phokoso la ana asukulu. Munthu wofuna malo a mabanja, akudandaula za nkhalamba ndi ana. Kaya banja amaliona ngati chiyani.

Ndinaphimba mbale ndi kansalu, ndinaika mapepala otsala m'chikwama, n'kukwera basi.

Sindikunamizani kuti kumeneko n'kokongola. Mdadada wake ndi wotuwa, wa nthawi ija tinali ana. Chikepe chimanjenjemera ngati ngolo. M'masitepe mumanunkha kabichi wosungidwa m'migolo ndi amphaka. Koma khomo lake, Bate, simungaone galasi. Mapepala pamwamba pa mapepala: wa masiku makumi anayi, wa chaka chimodzi, wina wa zaka khumi ndi ziwiri ana ake akumukumbukirabe. Ena anasefukira pa mtengo wa lipa wa pabwalo.

Pabenchi panali amayi atatu, ndipo ana ankathamangitsana pakati pa magalimoto. Ndisanatsegule pakamwa, wonenepa wokhala pakati pawo, amene ndinamva kenako kuti ndi a Ginka, anayang'ana kansalu n'kufunsa kuti, "Ndi ndani, mwali?"

Ndinati mwamuna wanga, miyezi isanu ndi umodzi. Anasuntha kundipatsa malo. Aliyense anatenga kapu n'kunena mawu ake oyenera. Anaitana ana, nawonso anadya n'kunena mawuwo kukamwa kuli kodzaza, ndipo sindinaone amene anachita mantha. A Ginka anakuwira bambo wina wa pakhonde la m'mwamba kuti, "Iwe Trifon, chidakwa iwe, tsika udzachite chinthu chimodzi chabwino chaka chino." Anatsika atavala masilipasi, anavula chipewa, n'kudya makapu awiri.

Amayiwa ndi ofunsa, sindibisa. Pasanathe nthawi anali atadziwa penshoni yanga, matenda a Zhelyazko ndi malipiro a Kaloyan. A Ginka anati tirigu wanga wachepa shuga. Koma anafunsanso kuti Zhelyazko anali munthu wotani. Chifikireni mu mzinda uno palibe anandifunsapo zimenezo. Ndinawauza za njuchi zake, ndi mmene ankakanira kuvala chipewa chotchinga kumaso, n'kumati njuchi zimamudziwa, uku nkhope itatupa. Tinaseka. Kenako ndinalira pang'ono, iwo anangondisiya.

Nditatulutsa pepala ndinati sindine wa pano. A Ginka anatuma mwana kukatenga selotepi kunyumba kwawo n'kunena kuti mtengo suona chiphaso. Analimata okha pa lipa, pansi pa pepala la malemu amuna awo.

Dzulo, pa 23, ndinapitanso. Mvula inagwa Lachitatu, ndiye ndinkaopa. Ndinapeza wina ataphimba pepalalo ndi kapulasitiki.

Ndinamuuza Kaloyan zonsezi mwaulemu. Anati munthu sagula nyumba chifukwa cha akufa, amagulira amoyo, ndipo kumeneko ana amasewera pamsewu. Pamsewupo akunena zoona, magalimoto alipo. Ndinangomuyankha kuti kumeneko Yoana atagwa, amayi atatu angamudzutse n'kumukalipira, pamene kuno angamujambule n'kutumiza pa gulu. Anati ndikuyankhula za kumudzi. Iye anabadwira midzi iwiri kuchokera kwathu, ndipo agogo ake ankaweta nkhumba kuseri kwa tchalitchi, koma chilowereni mu ofesi ya magalasi amayenda ngati anatsika ndi ndege.

Rositsa ali pakati pa ine ndi mwamuna wake. Usiku sagona bwino. Lachisanu tikutsuka mbale anandiuza monong'ona kuti iye fulati ya ku Kyuchuk anaikonda, khitchini yake imalowa dzuwa ndipo sukulu ili kuseri kwa mdadada. Koma safuna nkhondo m'nyumba. Anati mutanena inu amalume ake, mwina Kaloyan angamve, chifukwa popanda dzina lanu palibe chimene angagule.

Ndiye pempho langa ndi ili. Kaloyan akaimba Lamlungu adzayamba ndi kufunsa za bondo lanu, adzakutchulani "amalume" katatu. Musamukalipire. Mungomuuza kuti theka lanu munalonjeza Rositsa, ndipo mudzasaina pokhapokha Rositsa atakuuzani ndi pakamwa pake kumene akufuna kukhala. Langa ndanena kale chimodzimodzi, koma mawu a mpongozi amene amadya patebulo pake salemera.

Sindikupempha nyumba yabwino. Tikugulitsa khomo limene tinamatapo atate ndi amayi, ndipo sindikufuna kulisinthanitsa ndi khomo limene linapinda mwamuna wanga panayi.

Mukaona kuti ndalakwa, sainani, sindidzakusungirani chakukhosi. Ndidzakhala m'mpandamo mwakachetechete, ndidzayanika zovala m'bafa. Koma mukatero mwasenza ntchito imodzi. Tsiku langa likadzafika, mudzabwere ndi bondo lanulo, mudzakwere basi ya ku Kyuchuk, mukafunse a Ginka, mukandimate pa lipa paja pafupi ndi Zhelyazko. Musadzavutike ndi khomo la kuno. Akuti pano anthu samwalira, ndipo sindikufuna kudzawagwetsera mtengo.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Penka, muwauze kuti tchiziyo ndi wa nkhosa, asamuike m'madzi nthawi yaitali. Moni kwa mwana wanu Ventsi ndi mkazi wake. Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu m'mawondo ndi m'mawu.

Ndine mlongo wanu,
Stoyanka