Chikope Chagwanso Ndili pa Chiwongolero

Lachitatu madzulo, ku Machinjiri.

Lero mtima wanga uli m'mwamba. Chikope cha kumanzere chinagwanso masana, ndikutsetsereka ndi minibasi ku Ndirande. Mayi wina amene anakhala kutsogolo anandigwira mkono. "Adalaiva, mukusinza? Mutiphatu!" Sindimasinza ayi. Ndimayendetsa nditakweza chibwano kuti ndione msewu.

Nditatsitsa anthu ndinapita kuchipatala cha maso. Adokotala anafunsa ngati ndili ndi shuga kapena ndinavulalapo diso. Zonsezo ayi. Koma ndinaulula kuti m'mawa chikopechi chimakhala bwinobwino, chimalemera ndikatopa, ndipo dzulo galimoto imodzi ndinaiona ngati ziwiri. Anandiika ayezi pachikope kwa kanthawi, chinatseguka chokha. Ine ndinasangalala, koma iwo sanamwetulire.

Akuti kwa ena ndi ukalamba chabe, amachikweza ndi opaleshoni yaing'ono. Changa chikuoneka ngati mitsempha sikulamula bwino minofu. Mankhwala alipo, koma ayeze kaye magazi Lolemba.

"Musayendetse mpaka tidziwe, bambo. Mukayamba kuvutika kumeza kapena kupuma, mubwere msanga."

Mkazi wanga ndamuuza kuti ndi fumbi basi. Eni minibasi sindinawaimbirebe, ndipo madalaivala ofuna ntchito ndi ambiri pa siteji. Eniwo akudziwa kuti mawa ndilawirira monga mwa masiku onse, ana a sukulu atadzaza kumbuyo.

Foni ndaitenga kawiri n'kuibweza m'thumba. Ndiimba. Ndingoyamba ndapeza mawu oti ndiwauze.