Pagulu Pali Maliro, Funso Langa Lidikire

Lolemba, 10 Seputembala 2018

Ndikulemba muno chifukwa pagulu anditseka pakamwa.

Kolera yafika mu Glen View. Mzere wathu womwe uno, nyumba ya geti lobiriwira, atulutsa munthu pa wilibala. Ine ndi mwana wanga Denzel tili tokha m'kachipinda ka kuseri, bambo ake, Domingo, ali ku Joni. Kuno sindidziwa munthu. Mayi a nyumba, eni ake pano, amandilankhula pokhapokha pondikumbutsa tsiku langa lokolopa chimbudzi. Kupulazi ndikanangotuluka panja n'kufunsa aliyense.

Apongozi ndiwo anandilowetsa pagulu la WhatsApp la sosaite ya maliro ya ife a Chimalawi. Anati uli mlendo mtauni, abale ako ndi amenewo. Ndiye dzulo ndinafunsa abale angawo kuti mjigo uti uli ndi madzi abwino, ndili ndi mwana wamng'ono, mpopi wauma. Sindinaone kuti m'mawa mwake analengeza maliro a gogo wina wa ku Highfield. A Bambo Laston, alembi a sosaite, amenenso ndi adimini, anandiyankha pa voisi, gulu lonse likumva. Akuti thupi lisanaikidwe pagulu pano sipalankhulidwa nkhani ina koma pepani. Akuti kodi ameneyu ndi mpongozi wa ndani.

Ndinalemba pepani. Gogo wakeyo sindinamuonepo chibadwire.

Lachiwiri, 11 Seputembala

Gogo uja amuika m'mawa. Gulu alimasula. Ndinayamba kulemba funso langa bwinobwino, moni kwa makolo onse, bambo ndi mayi, ndikugwada, zonsezo. Denzel anagwetsa beseni, ndinadzuka kukamutola. Pobwera pafoni, maliro ena. Bambo wina wopala matabwa ku kompulekisi, kumene amapanga mipando kuja, kolera yomweyi.

Basi zithunzi zayambanso. Makandulo, maluwa, nkhunda, manja opemphera. Mayi wina watumiza nyimbo yathunthu. Bandulo yanga yatha theka ndi makandulo a anthu, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe wanena kuti bamboyo ankatunga kuti madzi. Chinthu chokhacho chimene tonse tikufuna kudziwa.

Pakati pa apepani ndikungoona timizere tija totuwa. Uje watuluka. Uje watuluka. Manambala a atsikana anzanga, ndikuwadziwira zithunzi zawo.

Lachitatu, 12 Seputembala

Magetsi kulibe. Palafini watsala pansi pa botolo. Ndawiritsa a Denzel okumwa okha, osamba ndi otsukira ndangotunga kumjigo wa kuseri kwa mashopu, kumene aliyense akupita. Pamzere amayi amangolankhula Chishona chothamanga, wina akuti mjigo uno ndi wabwino, wina akuti ndi womwewu. Ndinachita manyazi kufunsa kachiwiri.

Akuti boma laletsa kusonkhana. Ndiye maliro onse asamukira pafoni tsopano.

Lachinayi, 13 Seputembala

Lero mtima wandiwawa kwambiri.

Mtsikana wina pagulu, Serafina, sindikumudziwa koma pachithunzi wavala epuloni ya kukiliniki, walemba pakati pa apepani. Wati mundikhululukire makolo, koma mjigo wa kuseri kwa mashopu musamwe, odwala ambiri amene akubwera kumatenti a kolera akutchula umenewo. Sanatukwane munthu. Anayamba ndi kupepesa.

Sipanapite nthawi, a Bambo Laston amuchotsa. Kenako akiya gulu, olemba akhale maadimini okha mpaka maliro atatha. Aika voisi yaitali yonena za ulemu.

Ine ndinathamangira panja kukataya ndowa. Ndapeza Denzel wakhala m'beseni mmene ndinamusiya, kapu yake ili m'manja, akutunga madzi osambawo n'kumamwa, akuseka. Ndinamulanda mwamphamvu mpaka analira. Ndamutsuka mkamwa ndi madzi owiritsa ngati zingathandize. Dzulonso anasamba omwewo. Kaya anamwa angati ine nditatembenuka.

Nambala ya Serafina ndaisunga. Mwamwayi uthenga wake unatsala, munthu anamuchotsa koma mawu ake alipo, akwiririka ndi nkhunda.

Lachisanu, 14 Seputembala

Ndinabereka Denzel n'kupita kunyumba kwa a Bambo Laston. Sindikudziwa mphamvu zake ndinazitenga kuti. Ndinawapeza pakhonde, magalasi pamphuno, foni ataigwira kutali ngati nyuzipepala. Ndinagwada pansi, ndinawapatsa moni wonse mmene amafunira. Ndinawapempha atsegule gulu ngakhale masana okha, anthu tiuzane za madzi.

Sanakalipe ayi. Ndi munthu wofatsa, n'chifukwa chake zikupweteka kwambiri. Anati kwawo ku Dedza maliro akagwa m'mudzi palibe wogwira khasu, palibe woyala malonda, mpaka munthu atagona. Anati makolo athu anabwera kuno opanda wachibale, sosaite ndiyo inkawaika m'manda ngati anthu, osati ngati agalu a mzungu. Akuti akangolekerera, mawa pagulu padzadzaza ogulitsa mazitye, zovala za kaunjika zija, ndi a mpira, wamasiye n'kumaona nthabwala pansi pa chithunzi cha mwamuna wake. Zinachitikapo akuti.

Ndinati koma bambo, kumudziko maliro amagwa amodzi, anthu n'kupuma. Kuno akugwa motsatana. Tidzalankhula liti?

Anavula magalasi. Anati, "Mwanangu, ndicho chimene ana inu mukuthawira. Mumafuna gulu lokuthandizani inu, simufuna gulu loti inu mulitumikire."

Kenako anayamba kudandaula okha. Akuti amapita mpingo ndi mpingo kupempha manambala a achinyamata, amawalowetsa Lamulungu, pofika Lachitatu atuluka osatsanzika. Akuti onse akuthamangira magulu a Chishona. Anandifunsa ine, inetu, kuti kodi vuto lake n'chiyani. Ndinayang'ana pansi. Ndi bambo aakulu, ndinangotsanzika.

Madzulo apongozi aimba kuchokera ku Tafara. Nkhani yafika kale. Akuti ndawachititsa manyazi, mpongozi sakwera khonde la alembi kukaphunzitsa mwambo. Akuti ndikapitiriza andichotsa pagulu, ndiye tsoka likagwa adzandiikira ndani. Za mdzukulu wawo anafunsa pomaliza, foni ili pafupi kuduka.

Loweruka, 15 Seputembala

Denzel wayamba kutsegula m'mimba. Mbandakucha kamodzi, ndinati mwina ndi mapapaya a dzulo. Kenako kachiwiri, kachitatu, madzi okhaokha otuwa ngati otsukira mpunga. Thewera silikugwira kanthu. Wasanza pa bulangete. Maso alowa.

Ndinatenga foni, dzanja linapita lokha pagulu. Pansi palembedwa kuti olemba ndi maadimini okha. Pamwamba kandulo.

Ndinaimbira Serafina. Ndinalibe ndi moni yemwe, ndinangoti ndine wa pagulu lija, mwana wanga. Sanafunse kuti ndine wa ndani. Anandiuza mmene ndisungunulire shuga ndi mchere m'madzi owiritsa, ndimumwetse ndi supuni panjira ponse ngakhale akusanza, ndisadikire minibasi ikachedwa, ndilunjike kumatenti a kukiliniki, ndikafika ndisaime pamzere, ndimukweze mwana m'mwamba aone. Shuga ndinalibe. Ndinagogoda kwa mayi a nyumba. Anangoyang'ana Denzel, anabwera ndi shuga, anavala nsapato n'kunyamula botolo. Tinathamanga limodzi.

Ndikulemba nditakhala pa ndowa yovundikira. Amuika diripi pamutu chifukwa pamkono mtsempha sumaoneka.

Lamulungu, 16 Seputembala

Sakulira n'komwe. Bola akanalira.

Bedi lake lili ndi bowo pakati, pansi ndowa. Fungo la mankhwala ophera tizilombo lalowa mpaka m'malovu. Serafina anadutsa ndi mopu, ndinamuzindikira maso okha. Wamng'ono kuposa ine. Anagwira phazi la Denzel n'kunena kuti likufunda, ndi bwino limenelo.

Domingo ndamuuza. Akungondiimbira foni pafupipafupi.

Lolemba, 17 Seputembala

Ndilembe izi ndisanaziiwale, ngakhale sindidzaziiwala.

Masana foni inalira, nambala ya a Bambo Laston. Mtima unati mwina amva, akufuna kufunsa chimene tikusowa. Ndinatuluka kuseri kwa tenti. Mawu awo anali otsika, a pamaliro aja. Anati amva mphekesera kuti mdzukulu wa mayi Zakaria, apongozi angawo, zinthu sizinayende bwino kumatenti, ndiye asanalengeze pagulu amafuna amve kwa ine mwini, chifukwa sosaite siilengeza za m'maluwa. Anati ndisadandaule za bokosi, apongozi anga ndi membala wokhulupirika, zonse zidzayenda mwadongosolo.

Ndinaima. Dzuwa lili pamutu koma ndinazizidwa.

Ndinati, "Bambo, mwana wanga ali moyo. Ali moyo, akupuma. Ndinabwera pakhonde panu ali kumsana, munamuona. Pagulu panu malo ake analibe. Lero mwamupezera malo?"

Kenako anati alemekezeke Mulungu, pepani mayi, anthu amalankhula. Ananditcha mayi. Ndinadula foni ndisanatsanzike, koyamba m'moyo wanga kudulira munthu wamkulu.

Ndinasanza kuseri kwa tentiko. Nesi anathamanga kuganiza kuti nane yandigwira. Ndinamuuza kuti ayi, ndi mtima chabe.

Ndiye ndi mmene zilili. Kuti dzina la Denzel limveke kwa abale ake, ayambe wafa. Akanamuikira makandulo ambirimbiri, nkhunda, nyimbo yathunthu. Anthu omwewo amene sakanatha kundiuza mjigo.

Lachiwiri, 18 Seputembala

Denzel wakodza. Sindinaganizepo kuti ndingasangalale ndi mkodzo. Nesi akuti ndicho chimene amadikira.

Serafina anakhala nane pang'ono panthawi yake yopuma, tikudya mabanzi amene mayi a nyumba anabweretsa pageti. Akuti aka n'kachiwiri kumuchotsa. Koyamba anafunsa za ntchito pa tsiku la maliro a munthu wa ku Mabvuku. Amayi ake anakapepesa, anamubwezera. Akuti ulendo uno asavutike. Anaseka n'kunena kuti gulu lija lili ngati basi imene kondakitala wake amatsitsa aliyense wotsokomola, kenako n'kumadabwa kuti mipando ilibe anthu.

Ndinamufunsa ngati saopa za tsiku lake lomaliza, adzamuika ndani. Anakweza mapewa. Anati kuno kumatenti womwalira amamukulunga m'pulasitiki, amamuika a zaumoyo, ngakhale abale sakhudza. Sosaite ikungotsala ndi zithunzi.

Apongozi atumiza uthenga kuti ndikawapepese alembi chifukwa chowadulira foni. Sindinayankhe.

Lachitatu, 19 Seputembala

M'mawa ndapeza gulu alitsegula. Palibe voisi, palibe kufotokoza. A Bambo Laston angolemba kuti makolo ndi ana, amene akudziwa kumene kukupezeka madzi abwino atiuze. Maliro ena sanaikidwe n'komwe, ndaona kandulo ya dzulo ikadali pamwamba.

Palibe wayankha. Ndayang'ana mayina otsala, ndi agogo okhaokha, ena mafoni awo amawagwirira adzukulu. Odziwa za madzi onse anatuluka kapena anachotsedwa. Mayi wina waika manja opemphera, basi.

Ndinakhala ndi foni m'manja nthawi yaitali. Mkwiyo ukuti asiye, amve mmene zimakhalira kufunsa pakhoma. Koma agogo amenewo ali ndi adzukulu m'nyumba. Ndinafunsa Serafina, ndinalemba zimene anandiuza: galimoto ya thanki ikuima pabwalo la tchalitchi cha pafupi ndi sukulu m'mawa uliwonse, mapiritsi oika m'madzi akugawa ulere pageti la kiliniki, ndipo ndi osamba omwe aziikamo. Ndinaonjeza kuti mawuwa ndi a Serafina amene munamuchotsa. Ndatumiza. Kenako ndadina potulukira. Foni inafunsa ngati ndatsimikiza. Ndinavomera.

Apongozi aimba kale kawiri. Ilire.

Diripi amuchotsa. Pamene ndimalemba izi Denzel wadzuka yekha, wagwira chitsulo cha bedi, wakhala tsonga. Mutu ukugwedera, pamene anameta pali pulasitala. Wayang'ana banzi lili pamwendo panga n'kutambasula dzanja. Ndaitana nesi kuti ndifunse ngati ndingamupatse, koma iye walanda kale, akulikumba pakati ndi chala.