Zilembo zisanu pamwala wa achemwali

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Bondo lija likuti bwanji? Mankhwala mukumwa monga ananenera adokotala, kapena mukungowayang'ana? Ine kuno ndilipo, kungoti chimwalirireni achemwali athu nyumba yandikulira, ngakhale zipinda zake ndi ziwiri zomwe zija. Mpopi wakukhitchini ukudonthabe, ndipo mwininyumba amangoti abwera.

Ndalemba chifukwa cha mwala wapamanda. Mwana wanu wandionetsa mawu amene munatumiza kuti asemedwe: mlongo wathu wokondedwa, mtumiki wa Mulungu, basi. Nditafunsa kuti nanga liwu loti Amayi lili kuti, anandiuza kuti inu mwakana, akuti munthu amene sanabereke tisamunamizire pamwala. Achimwene, ndakwiya, ndipo sindikubisirani.

Popeza mwendo unakulepheretsani kubwera kumaliro, ndikuuzeni zimene ndinaona. Tchalitchi chinadzaza. Analankhula anthu asanu ndi mmodzi. Mayi wakuchipatala anati achemwali ankasambitsa odwala amene abale awo anawathawa. Mkulu wa kwaya anaseketsa anthu, akuti achemwali ankaimba mokhota koma palibe ankayerekeza kuwauza, poti makiyi a holo anali m'chikwama mwawo. Zonsezo n'zoona. Kenaka anaimirira abusa atsopano, amene sankawadziwa bwino, n'kuwerenga mbiri imene inu munatumiza. Anamaliza ndi mawu oti malemu sanasiye mwana.

Benchi yakutsogolo, imene amasungira ana a womwalira, inali yopanda munthu. Ndinacheuka n'kuwerenga amene anapanikizana kumbuyo pafupi ndi chitseko: khumi ndi atatu, onse okulira m'nyumba muno. Wolondolera anthu anawabweza atawafunsa ngati ali ana obereka. Panali namwino uja amene achemwali anamupeza ali mwana akulira pasiteshoni ndi kachikwama kokha. Panali mapasa a malemu telala wathu. Panali woyendetsa basi, amene akuti anamuyankha wolondolerayo kuti za kubereka iye sanaone poti anali wamng'ono, koma khutu lake likudziwa dzanja limene linkalikoka. Anamubwezabe.

Ine ndaphunzitsa masamu moyo wanga wonse, powerenga sindiphonya. M'kabati muno muli makapu a ana khumi ndi atatu, kapu iliyonse ndi kadontho kake ka penti kunsi kuti asamalimbirane. Matiresi awo masana tinkawaimika kuseri kwa chitseko, ndipo khoma likadali lakuda pamene ankatsamira. Achemwali ankawadzutsa m'mawa, kuwasambitsa, kuwapempherera mmodzimmodzi pomutchula dzina, kenaka n'kupita kukasesa kutchalitchi. Ngati munthu wotere si mayi, ndiuzeni dzina lina, ndikaliyang'ane m'mabuku anga.

Kapu ya kadontho kobiriwira ndi ya mwana wanu. Munamutumiza kuno mayi ake atamwalira, asanadziwe n'kumanga komwe zingwe za nsapato, mukuti mudzamutenga zinthu zikakhala bwino. Anatuluka m'nyumba muno tsiku la ukwati wake. Sindinamumvepo akuwaitana achemwali kuti azakhali. Kuyambira pamene anadwala chikuku, achemwali n'kumugoneka pamiyendo mpaka kuchira, ankangoti amayi. Kumaliro nayenso anakhala kumbuyo ndi anzake. Abusa atawerenga mawu aja, mwana wanuyo anaweramitsa mutu osaudzutsanso, chifukwa ankadziwa amene anawalemba.

Sindikuti simunkawakonda achemwali. Ndikudziwa kuti mumafuna choona chokha pamwala, poti ndinu wamkulu wa banja ndipo anthu adzafunsa inu. Inenso ndikufuna choona chomwecho, ndipo ine ndinaliko.

Pempho langa ndi limodzi. Lolani liwu loti Amayi likhale pamwamba pa mawu anuwo. Ndi zilembo zisanu. Ndapita ndi rula kwa wosema miyala, ndayeza, malo akukwana popanda kufufuta chilichonse chanu. Ndamuuza aike pansi zida zake mpaka mutayankha. Anawo andipempha kuti ndingomuuza aseme inu osadziwa, ndakana, chifukwa achemwali sakanachita zamseri.

Mwana wanu sangakutsutseni, ndinu bambo ake. Ndiye ngati mukukanabe, musandiyankhe ine. Muimbireni foni iyeyo, mumuuze ndi pakamwa panu kuti amene anamulera sanasiye mwana.

Mundiperekere moni kwa alamu anga achiwiriwo, kwa mng'ono wathu ndi amuna ake, ndi kwa adzukulu onse asanu ndi anayi, ngati sanaonjezekere ine osauzidwa. Mulungu akusungeni, ndipo bondolo muzilipumitsa.

Ndine mlongo wanu,
yemwe mumati Kawerengera