Theka la Liwu la Bambo

9 Okutobala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tilipo, kungoti bambo agonekedwa m'chipatala kuyambira Lachiwiri. Ndi mtima uja. Miyendo yatupa moti nsapato zawo zakuda zija sizikulowanso.

Koma uphunzitsi sunawathere. Mukukumbukira lamulo lawo la patebulo: palibe kugwira supuni mpaka atafotokoza liwu limodzi la Chingerezi, tanthauzo lake, kenako kumene linachokera. Inu munkangomva tanthauzo, n'kutapa chakudya, liwiro panja, ine n'kutsala ndikumeza malovu mpaka ku Chilatini. Lamulolo alibweretsa muwodi. Anesi amaima kaye ndi thireyi m'manja, ndipo abambo a pabedi loyandikana apempha kale kuti awasamutse.

Dzulo adokotala powayeza anauza mnzawo kuti kufooka kwa mtimawo ndi "extreme". Ankayesa mkuluyu ali m'tulo. Atangotuluka, bambo anatsegula maso n'kundiuza kuti liwu la lero labwera lokha. Anati limanena chinthu chopyola muyezo, monga kuzizira koopsa kapena liuma la mwana wawo woyamba, inuyo. Ndinadikira za kumene linachokera, supuni yowadyetsera ili m'manja. Iwo anangoti:

"Theka linalo ndi la mlongo wako. Chibadwire sanamvepo liwu mpaka kumapeto. Ili alimva."

Nditafika kunyumba ndinatsegula dikishonale yawo yothothoka chikuto ija. Linachokera ku Chilatini, achimwene, ndipo kumeneko linkatanthauza chakumapeto kwenikweni, chomaliza, chimene kutsogolo kwake kulibenso china. Ndinalira, sindikubisirani. Bambo akudziwa, adokotala akudziwa, tsopano nanunso mwadziwa. Mayi okha sitinawauze. Ali kalikiliki kusita malaya oti bambo adzavale potuluka.

Munanena kuti tchuthi chanu n'cha Disembala. Disembala ali kutali. Kambani ndi abwana anu, chonde. Ndipo mukafika musaonetse kuti ndakuuzani. Mudzakhale pansi, manja pamwendo, muwamvere mpaka amalize.

Mayi akupereka moni, akuti mubwere ndi zithunzi za ana. Bambo ndawafunsa ngati ali ndi moni, akuti adzapereka okha pamaso. Chakudya cha m'mawa uno achibweza, ati munthu sadya liwu lisanathe.

Ndine mlongo wanu,
wotsala patebulo uja.